Mkuzi wa agogo, kabande ka mneneri: zomwe akuvala ana a m'komboni

Pa 29 Disembala mipingo imakumbukira tsiku la mu 1991 pomwe Zambia idalengezedwa kuti ndi dziko la Chikhristu, mawu omwe adalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Tsikuli limagwa mkati mwa dzinja, madzi atadzaza m'tinjira ta m'makomboni a Kanyama ndi Chawama, makolo ali ndi mantha a kolera. Tidazungulira m'makomboni kuti tione chimene amayi a m'dziko la Chikhristuli amadalira poteteza ana awo akhanda. Yankho lake limaonekera bwino ku sikelo, chifukwa kumeneko mwana amavulidwa.

Pa kiliniki ina ku Kanyama, mayi wina wogulitsa tomato adamasula chitenje n'kutsitsa mwana wake wa miyezi isanu kuti akwere sikelo. Atamuvula, m'chiuno mudaoneka mkuzi wakuda. Pa mkuziwo padalendewera kachithumwa kakang'ono ngati nzama, kosokedwa ndi ulusi wokhuthala, konyezimira chifukwa cha mafuta ndi thukuta. Adasoka ndi apongozi ake, amene adakwera basi kuchokera ku Katete mwanayo atangotuluka m'chikuta. Zomwe zili m'kati mwake mayiyu sadziwa, ndipo sadafunse, pakuti adauzidwa kuti chithumwa chikatsegulidwa chimasukuluka. Ntchito yake akuti n'kutchinjiriza liwombo, lomwe kuno amati chapamutu, ndi kuteteza mwana ku tsempho akanyamulidwa ndi anthu otentha.

M'khosi mudali mendulo ya Maria pa ulusi wabuluu, mphatso ya azakhali ake a mwanayo. Pa dzanja lamanja padali kabande ka labala kolembedwa Salimo 91, komwe mayiyu adakatenga ku mapemphero a usiku wonse ku Matero. Iye mwini adagwira kadi ya sikelo yokutidwa mupulasitiki, katemera yense wolembedwa bwinobwino. Mwana wake woyamba adamwalira ndi matenda otsegula m'mimba asadayambe kuyenda. N'chifukwa chake, iye adatero, aliyense wobwera ndi choteteza samubweza, ndipo chiyambire sadaonepo zinthuzi zikukangana pa thupi la mwana wake.

Okangana ndi akuluakulu. Funso lomwe lagawa anthu m'makomboni n'lakuti: kodi kabande ka mneneri kaja si chithumwa?

M'mipingo yambiri ya aneneri, mayi akapita kutsogolo ndi mwana wovala mkuzi, atumiki amaudula pomwepo n'kuutentha anthu akuimba. Amati ndi pangano la mizimu ya kumudzi, ndipo ndi khomo lolowera ziwanda. Mayi yemweyo akabzala mbewu yake ya ndalama, amatuluka ndi kabotolo ka mafuta odzozedwa, chomata cha nkhope ya mneneri (yemwe amamutcha "Papa") choika pa chitseko, ndi kabande ka pa dzanja. Otsatira aneneriwa amaloza pa Machitidwe 19, pomwe nsalu zokhudza thupi la mtumwi zinkachiritsa odwala. Kwa iwo mphamvu sili mu labala, ili mwa Mulungu amene adadzoza mtumiki wake.

Sing'anga wina yemwe amagula mizu yake kumsika wa Soweto adaseka titamuuza zimenezi. Nayenso, iye adati, sanena kuti mphamvu ili mu kansalu, chifukwa mitengo adalenga ndi Mulungu yemweyo. M'chipinda chake ku komboni ya George amavala mkanjo woyera wa mtanda wofiira, amayamba ntchito ndi pemphero, ndipo mzimu womwe umamuonetsa matenda uli ndi dzina la m'Baibulo, ngakhale umayendera limodzi ndi mzimu wa malemu agogo ake. M'maganizo ake aneneri sakulimbana ndi ziwanda ayi, akulanda makasitomala.

Mkulu wa mpingo wina wakale ku Mtendere adawadzudzula onse awiri. Chilichonse chimene munthu angaope kuchivula, iye adatero, chasanduka chithumwa basi, kaya chachokera kwa sing'anga kaya kuguwa. Koma titamufunsa za mtanda womwe udali m'khosi mwake, adati umenewo ndi chizindikiro chabe, ngakhale sagona atauvula.

Mkangano wotere ndi wakale kuposa mipingo yathu yonse. Ku Iguputo, amayi ankadalira Bes, kamulungu kakafupi kotulutsa lilime, ndi Taweret wa thupi la mvuu yapakati, kuti ateteze ochira ndi makanda. Ankavalanso diso la Horus. Aiguputo sankavutika kuphatikiza milungu: Amun ndi Ra adasanduka Amun-Ra, ndipo kudalinso Ptah-Sokar-Osiris, atatu m'dzina limodzi. Cha m'ma 1350 BC mfumu ina idakweza Aten yekha pamwamba pa milungu ina, komabe ofukula zakale adapeza zithumwa za Bes ndi Taweret m'nyumba za anthu wamba mumzinda wake womwewo wa Amarna. Chikhristu chitafika, Aiguputo ena ankalemba Salimo 91 pa gumbwa, n'kulipinda kuti avale, ndipo pali mapemphero ochiritsa omwe amatchula Isis ndi Horus kenako n'kumalizira ndi Yesu. Lamulo linkasintha kunyumba ya mfumu, koma pa mphasa ya mwana wodwala anthu ankangowonjezera.

Anamwino omwe tidacheza nawo alibe nawo mbali mkanganowu. Mkuzi sawudula pokhapokha ukathina kapena ukayambitsa zilonda, ndipo amadziwa kuti agogo ambiri amaonera pomwepo ngati mwana akunenepa kapena akuwonda. Chowadetsa nkhawa ndi mankhwala opaka pamchombo, komanso kuchedwa. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ndi madzi a moyo ndi kuthamangira kuchipatala. Namwino wina adati masiku ano amayi ochedwera kwa mneneri ndi ochuluka mofanana ndi ochedwera kwa sing'anga, ndipo onse amafika akunamizira mayendedwe.

Zoteteza sizithera pa ana. M'minibasi yochokera ku Kalingalinga kupita m'tauni, pa galasi la dalaivala padalendewera kolona, kansapato kamodzi ka mwana, ndi chomata cha mneneri chomwe dzuwa lidachifufutitsa. Kondakitala adati zonsezo adazipeza momwemo, zidasiyidwa ndi madalaivala atatu osiyana, ndipo mwini galimoto adaletsa kuchotsapo ngakhale chimodzi. Chomwe iye amaopa kwambiri, adatero akuwerenga ndalama, ndi apolisi a pamsewu, ndipo mankhwala a amenewo aliyense amawadziwa.