Fort Maguire: linga la pagombe la nyanja yathu

Anzanga, amene munatsegulako atilasi ya mulaibulale, ija yong'ambika chikuto, pezani mapu a Malawi. Ikani chala pa Dedza, muyende nacho mpaka ku Salima, kenaka muwoloke nyanja. Tsidya linalo, m'boma la Mangochi, mupeza dzina lachilendo: Fort Maguire. Ine poyamba ndinkayesa ndi hotela ya azungu. Ayi ndithu. Liwu loti Fort pa Chichewa ndi linga, malo otchingidwa okhalamo asilikali, ndipo linga limeneli linamangidwa pagombe penipeni m'chaka cha 1893.

Nanga bwanji pamenepo, osati pena? Yang'ananinso mapu aja. Pakati pa gombe la Salima ndi dera la Makanjira nyanja ndi yopapatizako, choncho panali padooko. Mfumu Makanjira ya Ayao inali ndi zombo zoyendera matanga, zonga zija za Aluya. Zombozi zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kuchoka tsidya lino, ndipo akafika uko ankayenda pansi ulendo wa miyezi, ena ali m'magoli, mpaka kunyanja yamchere, kumadooko ngati Kilwa. Pobwera amalonda ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mwini dooko ndiye anali mwini chuma. Ndiye tangoganizani, ambiri mwa anthu owolotsedwawo ankagwidwa m'chigawo chapakati chomwe chino. Nkhaniyi si ya anthu akunyanja okha ayi.

Makanjira sankaopa mzungu. Mu 1888 anthu ake anagwira John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, n'kumuvula zovala, n'kumukwapula anthu akuona.

Mu 1891 Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain, analibe asilikali okwanira. Anabweretsa ochokera ku India pafupifupi 70, ambiri mwa iwo Asikhi, ndipo mtsogoleri wawo anali Kaputeni Cecil Maguire. Chaka chomwecho anamanga Fort Johnston m'mbali mwa mtsinje wa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, n'kupita kukaphwanya zina mwa zombo za Makanjira.

Mu December 1891 Maguire anamva kuti zombo zina ziwiri zabisidwa pagombe. Anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Domira n'kupita komweko. Zombo anaziwonongadi, koma mphepo inavuta, Domira n'kutitimira mumchenga pamadzi osaya. Anthu a Makanjira anayamba kuwomba mfuti ali kumtunda. Maguire anawomberedwa ali m'madzi, akuyesetsa kubwerera kusitima, basi n'kufera pomwepo. Dokotala Boyce ndi injiniya McEwan atatsika kuti akakambirane zotenga mtembo, nawonso anaphedwa. Sitimayo inakhala masiku angapo ili chititimire, otsalawo asanathe kuichotsa n'kuthawa.

Apa ndiye pamene ambiri timasokoneza pamayeso: Maguire sanamange Fort Maguire. Pamene linkamangidwa n'kuti iye atamwalira pafupifupi zaka ziwiri zapitazo. Anzake anangolitcha dzina lake pomukumbukira.

Johnston sanaiwale. Cecil Rhodes anamupatsa ndalama zokwana mapaundi 10,000 zomenyera Makanjira, kunabwera Asikhi ena, ndipo panyanja panaikidwa sitima ziwiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure. Chakumapeto kwa 1893 anaukira mudzi waukulu wa Makanjira n'kuutentha, ndipo linga linamangidwa pamalo omwewo kuti chombo chilichonse chofuna kuwoloka chizioneka. Kumayambiriro kwa 1894 Makanjira anabwera ndi gulu lalikulu kudzalanda malo ake, koma analephera. Pambuyo pake anathawira kum'mawa, kudera la Apwitikizi, kumene lero ndi Mozambique. Nkhondo zoterezi zinafikanso kuno kwathu, poti mu 1896 asilikali a boma lomweli anagonjetsa Mfumu Tambala ya ku Dedza konkuno.

Tsono funso limene tinakangana nalo pagulu lathu lowerengera ndi ili: kodi lingali linali labwino kapena loipa? Mnzanga wina akuti labwino basi, chifukwa linatseka dooko la akapolo. Zoona, ndipo munthu amene akanawolotsedwa ali m'goli sakanatsutsa. Koma ine ndikuti tisaimire pomwepo. Asilikali omwewo amene anatseka dooko ndi amenenso anakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, ndipo posakhalitsa makolo athu anayamba kulipira msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu. Wopanda ndalama ankakagwira ntchito kuminda ya azungu kuti aipeze, ndipo ena ankawotcheredwa nyumba. Komanso pasapezeke wina wonyoza anzathu Achiyao chifukwa cha nkhaniyi. Mafumu ena Achichewa ndi Achingoni nawonso ankagulitsa anthu, nanga ogulawo akanawapeza bwanji onsewo okha?

Maina ambiri a malinga anasinthidwa dziko litalandira ufulu. Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, ndipo ku Zambia Fort Jameson ndi Chipata. Dzina la Fort Maguire latsalabe pamapu, ndipo deralo lili m'manja mwa Mfumu Yaikulu Makanjira mpaka lero.