Kaliwo wa Citsononkho

Ku Washington, mudzi wa m'cigawo ca Missouri ku America, mmisiri wina wocokera ku Holland, dzina lake Henry Tibbe, anayamba kusema akaliwo a citsononkho ca cimanga m'caka ca 1869. Popeza citsononkho cimapsa msanga, iye anacimata pulasitala kuti cipirire moto. Nchito yakeyo ikali kupitirira lero pansi pa dzina la Missouri Meerschaum, ndipo zitsononkho amaziumika zaka ziwiri asanaziboole.

Kaliwo wotere ngwa mtengo wocepa, motero mwini wake saopa kumsintha. Ena amampala ndi kumpaka utoto. Ena amaikapo bango lalitali kuti utsi ufike m'kamwa utazizira. Enanso amakanda phulusa ndi timadzi namatira pansi pa cibowo kuti moto ungaboole. Kazembe wa nkhondo Douglas MacArthur anapangitsa wake wakuya ndi wa mpini wautali.

Odziwa amakoka pang'onopang'ono, namsiya kaliwoyo aume asanamuyatsenso. Komatu luso lonseli silicotsa ululu wa fodya: utsi wa kaliwo umadzetsa kansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya m'mapapo.