Manyuchi a Agave: Kodi Ndi Abwino Kuposa Shuga?

Nkhani yathu lero iyambira pa chomera chimene ambiri a ife tichidziwa bwino, ndicho khonje. Amene adakulira kumudzi akumbukira kupala masamba ake ndi kupota chingwe pantchafu, chomangira mbuzi kapena mtolo wa nkhuni. Ena amadzala khonje m'malire a munda kuti ziweto zisalowe. Koma si onse adziwa kuti khonje ndi mlendo kuno. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo adafika kum'mawa kwa Africa m'chaka cha 1893, pamene Mjeremani wina dzina lake Richard Hindorf adakamdzala m'dziko limene lero tilitcha Tanzania.

Ku Mexico komweko khonje ali ndi abale ake ambirimbiri, ndipo banja lonseli, la mitundu yoposa 200, akatswiri a zomera amalitcha agave. Ena mwa abalewa salimidwa chifukwa cha chingwe ayi, koma chifukwa cha madzi awo. M'madzi amenewa ndi m'mene mumachokera manyuchi ofanana ndi uchi, amene masiku ano agulitsidwa m'mabotolo m'masitolo akuluakulu a maiko ambiri. Mwina ena mwa inu mwana wanu amene ali ku Johannesburg kapena ku London adakutumiziraniko botolo lotere, namati: “Amayi, popeza muli ndi matenda a shuga, muzithira izi mu tiyi, nzachilengedwe.” Mwanayo adachita mwachikondi. Funso lathu ndi lakuti, kodi adakutumizirani mankhwala, kapena shuga yemweyo atavala malaya ena?

Tiyambe taona m'mene manyuchiwa amapangidwira. Kuyambira kalekale, Azungu asanafike kumeneko, anthu a ku Mexico ankasema dzenje pakati pa chomera chokhwima, ndipo m'dzenjemo munkadzala madzi otsekemera amene amawatcha aguamiel. Madziwa ankawatunga tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Ena ankawasiya kuti asase nakhala mowa wotchedwa pulque, ena ankawawiritsa mpaka atalimba. Imeneyo ndiyo njira ya makolo awo, ndipo m'madera ena ikadalipo.

Koma manyuchi ochuluka a m'masitolo, amene adayamba kufala m'zaka za m'ma 1990, sadzera njira imeneyi. Amachokera ku mtundu wa agave wa masamba obiriwira motuwa, wolimidwa kwambiri m'chigawo cha Jalisco, womwenso amatchezera kachasu wotchuka uja wotchedwa tequila. Chomeracho chimakhala m'munda zaka 6, 7 kapena kuposerapo. Chikakhwima, mlimi amasadza masamba onse ndi chida chakuthwa cha mpini wautali, nkutsala tsinde lalikulu looneka ngati chinanazi, lotha kulemera makilogalamu 50. Matsinde amenewa ndiwo amapita ku fakitale kukaphwanyidwa ndi kufinyidwa.

Pano pali mfundo yofunika kuimvetsa. Madzi ofinyidwa m'tsindelo satsekemera kwenikweni. Chakudya chimene chomeracho chimasunga chili ngati mkanda wautali: timikanda take ndi shuga, koma ntolunzanitsidwa pa ulusi umodzi, kotero kuti lilime silitimva kutsekemera, ndipo matumbo athu satha kutimasula. Ku fakitale amadula ulusiwo, mwina potenthetsa madziwo kwa maola ambiri, mwina pothiramo mankhwala oumasula. Akatero amasefa ndi kuwiritsa mpaka atsale manyuchi. Tsono mawu akuti “zachilengedwe” olembedwa pa botolo tiwamve mochenjera. Nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa nazonso nzachilengedwe, zimamera m'nthaka ngati agave yemweyo. Zonse ziwiri zimalowa m'makina zisanafike pa tebulo pathu.

Nanga mbiri yakuti manyuchiwa ndi abwino kwa odwala matenda a shuga idachokera kuti? Siidangopekedwa ayi, ili ndi pogwira. M'chaka cha 1981, Dokotala David Jenkins ndi anzake a pa yunivesite ya Toronto ku Canada adakonza muyeso woonetsa msanga wake umene chakudya chimakwezera shuga m'magazi. Pa muyeso umenewu gulukosi adampatsa 100. Shuga wathu wa masiku onse amagwera cha pa 65. Manyuchi a agave amagwera pansi kwambiri, kawirikawiri osafika 30. Munthu akamva zimenezi aganiza kuti mlandu watha. Koma tifunse chifukwa chake nambalayo ili yotsika chotero.

Shuga amene timathira mu tiyi ndi mitundu iwiri yophatikizana, theka gulukosi, theka fructose. Gulukosi akachoka m'matumbo amalowa m'magazi nayenda thupi lonse, ndipo minofu ndi ubongo zimamgwiritsa ntchito. Kapamba amatulutsa insulini kuti athandize gulukosiyo kulowa m'minofu. Kachipangizo kaja kamene amakubayani nako chala kuchipatala kamayeza gulukosi yekhayo. Fructose ulendo wake ndi wina. Wochepa amasinthidwa m'matumbo momwemo, koma akachuluka amapita kuchiwindi, pakuti ziwalo zina sizimlandira kwenikweni. Tsono m'manyuchi ambiri a agave, mwa magawo 100 a shuga amene alimo, magawo 70 mpaka 90 ndi fructose. Ndicho chifukwa chake kachipangizo kaja sikaonetsa kukwera. Kali ngati mlonda amene akuwerenga anthu olowa pachipata chakumaso, pamene katundu yense akulowera kuseri kwa nyumba, kukaunjikidwa pa wantchito mmodzi, ndiye chiwindi.

Chiwindi chikalandira fructose wopitirira muyeso, wina chimamsandutsa mafuta. Mafuta ena amatsalira m'chiwindi momwemo, ena amatuluka nkumayenda m'magazi, ndipo mafuta ochuluka m'magazi ndi amodzi mwa zinthu zoitana matenda a mtima. M'chaka cha 2009, Kimber Stanhope ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis adafalitsa zimene adapeza atayesa anthu achikulire onenepa kwa masabata 10. Gulu lina linkamwa zakumwa zotsekemera ndi gulukosi, lina ndi fructose. Magulu onse awiri adanenepa. Koma a fructose ndiwo adaunjika mafuta ambiri m'kati mwa mimba mozungulira ziwalo, mafuta oipa a m'magazi mwawo adakwera, ndipo thupi lawo lidayamba kusamvera insulini. Kusamvera insulini kumeneku ndiko muzu wa matenda a shuga amene amagwira akuluakulu. Mukuona tsono kuti chinthu chogulidwa pothawa matendawa chili ndi mphamvu yothirira muzu wake womwe.

Tinene chilungamo. Anthu aja ankamwa fructose wochuluka zedi, wokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yonse ya chakudya chawo cha tsiku, ndiponso sankamwa agave weniweniyo. Supuni imodzi ya manyuchi m'phala si chiphe. Choopsa chili pa chizolowezi cha munthu amene wauzidwa kuti izi zilibe vuto, iye nkumasuka dzanja. Fructose wochuluka amakwezanso asidi wina m'magazi amene amadzetsa nyamakazi yotupitsa chala chachikulu cha kuphazi, ndipo anthu ena amadzimbidwa naye kapena kutsegula m'mimba.

Wina asamve molakwa nkuyamba kuopa mango, masuku, nthochi kapena papaya, poti namonso muli fructose. M'chipatso iye ndi wochepa, ndiponso amadza pamodzi ndi madzi, ulusi wa chipatsocho ndi mavitamini, choncho amalowa m'thupi pang'onopang'ono, ndipo mimba imakhuta munthu asanapyole muyeso. Manyuchi alibe chokuletsani chotere.

Ogulitsa amanenanso kuti agave sanenepetsa. Supuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalori pafupifupi 16, ya manyuchi a agave pafupifupi 21. Chowathandiza nchakuti manyuchiwa amatsekemera kuposa shuga, kotero kuti wothira ochepa akhoza kulinganiza. Koma dzanja limene lidazolowera masupuni atatu silifunsa kuti m'botolomo muli chiyani. Za mavitamini ndi michere, zilimo zochepa zosati nkuwerengera. Mano nawo amabooka chimodzimodzi. Kusiyana kwakukulu kuli pa mtengo, pakuti botolo lochokera kutsidya kwa nyanja limadya ndalama zimene zikadagula ndiwo zamasamba, nyemba ndi usipa wa masiku angapo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2015, lidaika shuga, uchi, manyuchi a mtundu uliwonse ndi madzi ofinya a zipatso m'dengu limodzi. Lidati zonsezi pamodzi zisafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya chakudya cha tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo nkwabwino koposa kutsika mpaka masupuni 6. Tawerengani nokha. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatuatatu akwanitsa kale 6, musanakhudze thobwa lothira shuga, mandasi, kapena chakumwa cha m'chitini chimene pachokha chimatha kukhala ndi masupuni 8. Njira imene ine ndiikhulupirira ndi yochotsa theka la supuni sabata ino, theka lina sabata ya mawa. Lilime limazolowera, ndipo pakapita nthawi tiyi wakale uja mudzamumva kutsekemera kopyola.

Pali chenjezo lina kwa amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga. Nthawi zina shuga wa m'magazi amatsika kwambiri, makamaka munthu akachedwa kudya kapena akagwira ntchito yolemetsa. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa ndi chizungulire, mwinanso kulankhula zosamveka. Pa nthawi yotere manyuchi a agave sathandiza msanga, pa chifukwa chomwe chija chakuti sakweza gulukosi mofulumira. Sungunulani masupuni ang'onoang'ono 3 kapena 4 a shuga wamba m'madzi, mumpatse amwe. Pakatha mphindi 15 asanapeze bwino, mpatseninso, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Ngati wakomoka, musamthire kanthu m'kamwa kuopa kumtsamwitsa. Mgonekeni chammbali, muthamange naye kuchipatala.

Ndipo popeza tidayamba ndi khonje, wina asapite kumalire a munda kukafinya masamba ake kuti aphike manyuchi. Khonje wathuyu si mtundu umene amapangira zimenezo, ndipo amene adapalapo chingwe adziwa m'mene madzi ake amayabwira pakhungu.