Mwezi wa Nisan ndi Lachisanu Limene Akhristu Amakumbukira

Anzathu a ku mishoni ya Nkhamenya akamakumbukira Lachisanu Loyera, ophunzira amatifunsa kuti tsikulo linali liti. Ayuda ankayamba mwezi akauona ndi maso, monga timachitira pa Ramadhan, ndipo nkhosa ya Pasaka inkaphedwa pa 14 Nisan. Pontius Pilate analamulira Judea kuyambira chaka cha 26 mpaka 36. Akatswiri a zakuthambo, powerengera chobwerera, anapeza kuti 14 Nisan inagwa Lachisanu pa 7 Epulo 30 komanso pa 3 Epulo 33. Komatu masamu sangatiuze ngati mitambo inaphimba Jerusalem, kapena ngati akuluakulu anaonjezera mwezi wa 13 chaka chimenecho. Sanganenenso amene anapachikidwa. Surat An-Nisa, ndime 157, ikutiuza kuti Mneneri Isa (Alayhi Salaam) sanaphedwe.