Petulo wa turbo wafika, koma katundu wa ku Makeni akadali pa dizilo

Dzuwa lisanatenthe, msewu wa Makeni umakhala utayamba kale kukhuthulira magalimoto mu Kafue Road. Muli ma Hilux osenza mathireyi a mazira, ma Isuzu odzaza kabichi ndi repu wopita ku msika wa Soweto, ma Land Cruiser okoka mathanki a madzi, ndiponso ma Canter olemedwa ndi mchenga ndi mabuloko. Munthu akaima pafupi ndi mlatho wapamwamba umene unatsegulidwa mu 2020 n'kutchera khutu, amamva kaliridwe kamodzimodzi kogugudza. Dera lino ndi la mapuloti, timafamu ta nkhuku ndi nyumba zomangidwa kumene, ndipo pafupifupi ntchito yonse yolemetsa imayendera dizilo.

Koma pa msika wa mapikapu pafika mpikisano umene zaka 20 zapitazo kunalibe. Kale injini ya petulo inkadziwika kuti ndi yothamanga koma yofooka pokoka. Lero, ikaikidwa turbo, manambala ake amafanana ndi a dizilo. Ford Ranger Raptor ili ndi injini ya petulo ya malita 3.0 ya ma turbo awiri, yotulutsa 292 kW ndi mphamvu yokokera ya 583 Nm. Ranger inzake ya dizilo ya V6, ya malita 3.0 omwewo, imatulutsa 184 kW ndi 600 Nm. Pa kukoka zangosiyana pang'ono, pamene pa liwiro ya petulo yasiya inzake kutali. Volkswagen Amarok nayo ili ndi mtundu wa petulo wa malita 2.3 wotulutsa 452 Nm, pamene Hilux ya dizilo ya 2.4 GD-6 imene yadzaza mu Lusaka imalekera pa 400 Nm. Wogula akaona manambala amenewa ali ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati dizilo akadali wofunika.

Turbo payokha si chinthu chatsopano. Injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa luso limeneli mu 1905. Injini imapeza mphamvu potentha mafuta, ndipo mafuta sangapse popanda mpweya. Turbo ndi timapiko tiwiri tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi: utsi wotuluka mu injini umazunguza kena, ndipo kenako kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda, monga mmene mvukuto umakolezera makala a mmisiri wosula makasu. Timapikoto timazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mineti imodzi. Mpweya ukachuluka, injini imatha kutentha mafuta ambiri, motero injini yaing'ono imagwira ntchito ya yaikulu.

Kwa anthu a mu Lusaka, turbo ili ndi phindu lina limene a ku Dar es Salaam kapena ku Beira salimva kwenikweni. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 kuposa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera, ndiye kuti ikafika mu Lusaka yataya kale gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. N'chifukwa chake Land Cruiser ya injini yakale ya 1HZ, ya malita 4.2 yopanda turbo, imakwera chitunda mwaulesi uku ikufuka utsi wakuda, ngakhale kuti kulimba kwake palibe amatsutsa. Turbo imabwezeretsa mpweya wosowawo, kaya injiniyo ndi ya petulo kapena ya dizilo.

Kusiyana kwenikweni kumaonekera katundu akakwera ndipo chitunda chikatalika.

Mu injini ya dizilo mulibe mapulagi oyatsira moto. Pisitoni imapanikiza mpweya kwambiri, kuuchepetsa maulendo 15 kapena kuposerapo, mpaka utatentha moti dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha. Kupanikiza kwakukuluku n'kumene kumachititsa kuti injiniyi ifinye ntchito yambiri m'dontho lililonse. Komanso lita ya dizilo payokha ili ndi mphamvu yoposa ya petulo ndi 10 mpaka 15 peresenti. Injini ya petulo singapanikize chomwecho, chifukwa petulo akapanikizika ndi kutentha kwambiri amaphulika nthawi yake isanakwane, ndipo kugogoda kumeneko kumatha kuboola pisitoni. Turbo imawonjezera vutoli popeza imabweretsa mpweya wambiri wotentha. Tsono galimoto ikamakoka ngolo ya matani atatu pa mapiri a Manenekera mu Great East Road, kapena pochokera ku Chirundu kukwera kuno, utsi wa injini ya petulo umatentha kupitirira madigiri 900. Kompyuta ya galimoto imadziteteza pochedwetsa moto wa mapulagi ndi kuthira petulo woonjezera. Petulo ameneyo sakoka kanthu, ntchito yake ndi kuziziritsa zitsulo basi. Dalaivala amangoona geji ya mafuta ikutsika mofulumira kuposa mmene anawerengera ponyamuka.

Ngakhale popanda katundu kusiyana kulipo. Kampani ya Ford imati Raptor imamwa malita 11.5 pa makilomita 100, ndipo V6 ya dizilo imamwa 8.4. Mlimi woyenda makilomita 30,000 pa chaka angagule malita 930 oonjezera akasankha ya petulo, asanaikepo n'komwe thumba limodzi la chakudya cha nkhuku. Raptor imaloledwa kukoka makilogalamu 2,500 pamene ya dizilo imakoka 3,500, ngakhale kuti apa mlandu wina ndi wa masipuling'i ake ofewa, opangidwira kuthamanga m'misewu ya fumbi.

Umboni wamphamvu umachokera ku America, kwawo kwa mapikapu akuluakulu. Ford inaika injini ya petulo ya turbo, yotchedwa EcoBoost, mu F-150 m'chaka cha 2011, ndipo anthu anaikonda kwambiri moti mtundu wa dizilo wa galimotoyo unasiya kupangidwa mu 2021. Toyota nayo inachotsa V8 mu Tundra n'kuikamo V6 ya ma turbo awiri. Koma amenewa ndi mapikapu a ntchito zapakati. Pa zimphona zenizeni, monga F-250 ndi F-350, Ram 2500 ndi Silverado HD, nkhani ndi ina. Ford itafuna injini yatsopano ya petulo ya magalimoto amenewa mu 2020, sinatenge EcoBoost. Inapanga V8 yaikulu ya malita 7.3 yopanda turbo, yokoka pafupifupi 650 Nm. Pambali pake pali dizilo wa malita 6.7 amene mtundu wake wamphamvu umapitirira 1,600 Nm. Kampani imene yagulitsa injini zambirimbiri za petulo za turbo inaona kuti galimoto yosenza katundu tsiku lonse imafuna dizilo, apo ayi injini yaikulu yosavuta kukonza. Magalimoto amenewa saoneka kawirikawiri mu Zambia, chifukwa chiwongolero chake chili kumanzere ndipo masipeya ake ali kutsidya la nyanja, koma zimene anapeza opanga akewo zikukhudzanso Hilux ya ku Makeni.

Njira imene mafuta amalowera m'dziko muno nayo imakomera dizilo. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, inayamba ntchito mu 1968 ndipo kwa zaka zambiri inkabweretsa mafuta osayenga ku fakitale ya Indeni. Kuyambira mu 2023 paipiyi imanyamula dizilo woyenga kale wa sulphur wochepa, pamene petulo amabwera pa mathanka a mumsewu. Boma litachotsa sabuside ya mafuta kumapeto kwa 2021, bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi, ndipo miyezi yambiri dizilo wakhala wotsikirapo kuposa petulo, ngakhale kuti mu 2022 panali nthawi imene anakwera kuposa mnzakeyo. Kumidzi, kumene kuli mathirakitala, zigayo ndi majenereta, dizilo ndiye amapezeka msanga.

Apa wina anganene kuti nkhani yatha, dizilo wapambana. Amakaniko a mu Lusaka sangavomereze msanga, chifukwa ndi amene amaona zimene dizilo wamakono amachita akakwiya.

Injini za masiku ano zimapopa dizilo pa mphamvu yofika mabaa 2,000, kudzera m'timabowo ta mainjekita tochepa kwambiri, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi kapena awiri. Madzi pang'ono a m'mgolo wa dzimbiri, fumbi la mu Okutobala, kapena dizilo wosakaniza ndi palafini wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu, n'zokwanira kuwononga mainjekita onse anayi pamodzi ndi pampu. 1HZ yakale inkameza zoterezi n'kumapitabe. Hilux ya GD-6 kapena Ranger yamakono siingapirire, ndipo bilu yake imatha kudya phindu la nkhuku za khola lathunthu.

Vuto lachiwiri ndi la m'tauni. Mapikapu ambiri a dizilo, makamaka obwera atagwirako kale ntchito ku Japan kapena ku UK, ali ndi sefa ya mwaye ku ekizozi yotchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo pa madigiri pafupifupi 600, koma izi zimafuna ulendo wa mphindi 20 kapena 30 pa liwiro lokhazikika. Taganizirani tsono double cab yoyera mbee yochoka ku Kabulonga kukasiya ana kusukulu ku Woodlands, n'kukwawa pa mzere wa magalimoto mu Independence Avenue mpaka ku ofesi, madzulo n'kubwerera momwemo. Injini siitentha mokwanira, mwaye umaunjikana, nyali imayaka pa dashibodi, ndipo tsiku lina galimoto imakana kuthamanga. Makaniko akaitsegula amafunsa funso limodzi: "Abwana, kodi galimotoyi mumatulukako nayo kunja kwa tauni?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti ayi, kupatula pa maliro kapena pa Khirisimasi. Ena amangouza makaniko kuti aichotse sefayo, ndiye utsi wonse umathera m'mapapo a ogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu ndi ana oyenda pansi popita kusukulu. Limeneli si yankho labwino.

Eni mapikapu oyenda m'tauni mokha ndi amene injini ya petulo ya turbo ikanawakomera. Imatentha msanga m'mawa, siichita phokoso, imanyamuka mwachangu pa maloboti, ndipo katundu wa apo ndi apo, monga matumba a simenti opita ku puloti ku Chelstone, imanyamula bwinobwino. Ambiri amagulabe dizilo chifukwa choganizira tsiku logulitsa, popeza pikapu ya dizilo siichedwa kupeza kasitomala ndipo mtengo wake sugwa msanga. Maganizowo ndi omveka, koma ndalama zimene akuyembekeza kudzapeza pogulitsa zimatha kuthera kugalaja galimotoyo isanagulitsidwe.

Mlimi wa ku Makeni ali ndi chifukwa chinanso chosasiyira dizilo. Hilux imapangidwa ku Durban, Ranger ku Silverton mu Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha, ndipo masipeya a injini zake za dizilo ali ponseponse m'mashopu a m'tauni. Makaniko wa ku Kabwata amazidziwa injinizi mpaka ku bawuti yomaliza. Injini ya petulo ya ma turbo awiri ikavuta ku Petauke kapena ku Mumbwa, nthawi zambiri imafuna kompyuta yoyezera ndiponso sipeya yoitanitsa kunja, ndipo mazira ndi tomato sizidikira milungu iwiri.

Pa chisamaliro cha turbo yeniyeniyo, injini ziwirizi zimafuna zofanana. Kachitsulo kake kamayandama pa oyilo, choncho oyilo wotsika mtengo kapena wopitirira nthawi yosinthira amaipha msanga. Sefa ya mpweya imafuna kuonedwa pafupipafupi m'misewu ya fumbi ya mkati mwa Makeni, chifukwa mchenga ukalowa umadya timapiko tija. Ndipo galimoto ikafika itakoka katundu wolemera, dalaivala aisiye ilire mineti imodzi kapena ziwiri asanazimitse, kuti oyilo asapserere m'kati mwa turbo yotentha.