Zilembo za pa pulani ndi maso amene amaziwerenga

Pulani ya nyumba imadutsa m'maso mwa anthu awiri. Woyamba ndi wojambula, amene amaswera tsiku lonse akuyang'anitsitsa sikirini. Wachiwiri ndi mmisiri pamalo omanga, amene amatambasula pepalalo padzuwa, manja ali simenti yekhayekha, n'kumafufuza ngati nambala ina ndi 3 kapena 8. Ambiri ophunzira pulogalamu yojambulira ya AutoCAD amathera mphamvu zawo pa mizere ya makoma ndi denga, zilembo n'kumazisiyira kumapeto. Komatu mzere sunena kutalika kwa khoma, sunenanso ngati m'bimu mulowe zitsulo za Y12 kapena Y16. Zimenezo zimanenedwa ndi zilembo, ndipo kukula kwake kumayenera kutsatira mmene diso la munthu limaonera.

Bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO linakhazikitsa mlingo wa zilembo zoterezi wotchedwa ISO 3098. Kutalika kovomerezeka ndi mamilimita 1.8, 2.5, 3.5, 5, 7, 10, 14 ndi 20. Manambalawa sanangotoledwa. Iliyonse imaposa inzake ya m'munsi pafupifupi ka 1.4, monga mmene pepala la A3 limaposera A4 m'litali ndi m'lifupi. Choncho pulani ya A2 ikachepetsedwa n'kukhala A3, chilembo cha mamilimita 3.5 chimagwera pa 2.5, n'kumawerengekabe. Vuto limabwera pulani ya A1 ikapulintidwa pa A3 pofuna kupulumutsa ndalama. Apo chilichonse chimachepa ndi theka, ndipo chilembo cha 2.5 chimatsala 1.25. Mmisiri wa zaka zopitirira 40, msinkhu umene maso amayamba kulephera kuona bwino zapafupi, amangoganizira. Kumanga moganizira ndiko kumagumulitsa khoma lomangamanga.

N'chifukwa chake wojambula wanzeru amayamba wafunsa kuti pulaniyo idzatuluka pa pepala lanji komanso pa sikelo yanji. M'kompyuta nyumba imajambulidwa pa kukula kwake kwenikweni. Ngati pepala lidzakhala pa sikelo ya 1:100, chilembo chofunika kutuluka mamilimita 2.5 chiyenera kulembedwa chotalika 250, pomwe pa 1:50 chikhale 125. Kuyambira pa AutoCAD 2008, imene inatuluka mu 2007, pali zilembo za annotative zimene zimadziwerengera zokha masamu amenewa. Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Munthu akalemba nambala ya kutalika kwa zilembo mu lamulo la STYLE, zilembo za miyezo zimakakamira pa nambalayo ngakhale atasintha kwina. Ndi bwino kusiyapo 0.

Mitundu ya zilembo nayo ili ndi mbiri yake. Kampani ya Autodesk itatulutsa AutoCAD mu 1982, mapulani ankasindikizidwa ndi makina ogwira cholembera, n'chifukwa chake zilembo za SHX monga txt ndi romans zili za kamzere kamodzi kowonda. N'zopepuka kwa kompyuta, koma fayilo ikapita kwa injiniya amene alibe mtundu womwewo, pulogalamu imalowetsapo wina. Mawu amatambalala n'kukwera pa mizere, ndipo zizindikiro zina zimasanduka zofunsira. Lamulo la eTransmit limathandiza kumanga pamodzi pulani ndi mafayilo a zilembo zake potumiza.

Tsono tibwere pa sikirini, pamene pagona thanzi la wojambula. Diso silimva kuwala kwa mitundu yonse mofanana. Pa kuwala koyera kwa sikirini, mtundu wobiriwira umapereka pafupifupi magawo 72 pa 100 a kuwala kumene timaona, wofiira 21, wabuluu 7 okha. Timaselo ta m'diso tomva buluu n'tochepa kwambiri, ndipo pakatikati penipeni pa malo amene timaonera zinthu zing'onozing'ono palibiretu. Ndiye amene amalemba miyezo ndi buluu pa sikirini yakuda akuzunza maso ake popanda chifukwa. Wachikasu, umene ndi wofiira kuphatikiza wobiriwira, umawala bwino pakuda, koma papepala loyera umazilala. Mtundu nambala 7 wa mu AutoCAD anaupanga mwanzeru: umaoneka woyera pakuda, wakuda poyera. Tisaiwalenso kuti alipo anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Paipi ya madzi otentha isasiyane ndi ya ozizira pa mtundu wokha, ikhalenso ndi mawu kapena mzere wosiyana.

Nanga sikirini ikhale yakuda kapena yoyera? Poyera mboni ya diso imachepa ndipo tizilembo timaoneka bwino, pomwe pakuda mizere yamitundumitundu imasiyanitsika mosavuta. Ine ndimaona kuti chachikulu n'chakuti kuwala kwa sikirini kufanane ndi kwa m'chipinda. Sikirini yothobwa m'maso usiku magetsi atazima imatopetsa, chimodzimodzinso yakuda imene yayang'anizana ndi windo masana, chifukwa imasanduka galasi. Mtundu wa sikirini ya AutoCAD umasinthika mu Options, pa gawo la Display, pomwe munthu angakulitsenso zilembo za pamzere wolembapo malamulo m'malo mosendeza nkhope kufupi.

Munthu akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mwa apo ndi apo, misozi yonyowetsa diso imauma msanga, ndipo madzulo maso amakhala ofiira, othimbirira, mutu ukuwawa chapamphumi. Akatswiri a maso amalangiza kuti sikirini italikire masentimita 50 mpaka 70 ndipo ikhale m'munsi pang'ono mwa maso, komanso kuti pakatha mphindi 20 zilizonse munthu ayang'ane chinthu chotalikira mamita 6 kwa masekondi 20. Ngati mwasintha zonsezi koma zilembo zikuonekabe ziwiriziwiri kapena mutu sukusiya, vuto silili m'kompyuta. Pitani akakupimeni maso, mwina pakufunika magalasi.

Ndipo pulani isanachoke mu ofesi, ipulintidwe kaye pa pepala lenilenilo limene lidzafike kwa amisiri, ipatsidwe kwa munthu wamkulu msinkhu kuti awerenge nambala yaing'ono kwambiri ali panja. Akakayika pa nambala imodzi yokha, zilembozo zikulitsidwe.