Chifukwa chake wovulala m'mutu amakumbukira zakale n'kuiwala zalero

Munthu akavulala m'mutu, achibale amadabwa kumumva akutchula bwinobwino mayina a anzake a kupulayimale, pomwe sakudziwa ngati wadya nsima masana omwewo. Ena amamunena kuti akunamizira, ena amathamangira kwa sing'anga. Komatu gwero la vutoli lili m'kagwiridwe ntchito ka ubongo.

Mkati mwa ubongo, chakufupi ndi makutu, muli tizigawo tiwiri totchedwa hippocampus. Ntchito yake ndi kutenga zimene zangochitika n'kuzikhazikitsa kuti zisungike. Zakalekale zimakhala zitakhazikika kale m'madera ena a ubongo, n'chifukwa chake kawirikawiri zimapulumuka.

Izi zidadziwika bwino kudzera mwa Henry Molaison wa ku America. M'chaka cha 1953, ali ndi zaka 27, dotolo William Scoville adamuchita opaleshoni mumzinda wa Hartford pofuna kuchepetsa matenda a khunyu, ndipo adachotsa gawo lalikulu la tizigawo tonse tiwiri. Matendawo adachepadi. Koma kufikira imfa yake mu 2008, Molaison ankaiwala pafupifupi chilichonse chatsopano pakangodutsa mphindi zochepa, ngakhale nkhope za omwe ankamuyendera kawirikawiri.

Chodabwitsa chidaoneka pomwe katswiri Brenda Milner adamupatsa ntchito yotsatira mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuyang'ana dzanja lake pagalasi. Tsiku lililonse luso lake linkakula, koma mwini wake sankakumbukira kuti adaigwirapo ntchitoyo. Luso la manja, monga kupalasa njinga kapena kusoka, limasungidwa m'zigawo zina.

Pangozi zapamsewu, monga za njinga zamoto za kabaza, palibe chomwe chimadulidwa ngati kwa Molaison, koma ubongo umagunda chigaza, mitsempha n'kuphwanyika kapena kutupa. Wovulala amaiwala zomwe zidachitika ngozi itatsala pang'ono, ndipo mphindi zimenezo nthawi zambiri sizibwereranso. Si chilungamo kumukakamiza kuti afotokoze momwe zidayendera.

Madotolo amaona kutalika kwa nthawi yomwe wodwala akulephera kusunga zatsopano kuti adziwe kukula kwa vutolo. Ambiri ovulala pang'ono amachira pakapita masabata angapo. Kwa ena kope lolembamo zochita, alamu ya pafoni ndi kuika zinthu pamalo amodzimodzi zimathandiza kuposa kuwafunsa mafunso owayesa. Koma wovulala akayamba kusanza, kuwodzera kwambiri kapena kubwereza funso limodzimodzi, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.